Lipoti: bambo wa zaka 55 amene ankafuna kutapa theka la penshoni n'kugula minibasi

Banja ili ndi la mumzinda wa Blantyre ndipo linabwera kwa ife kudzafuna uphungu wa zachuma kumayambiriro kwa 2025. Mayina sitiwatchula, ndipo ziwerengero tazisalaza kuti zisavute kutsatira. Bambo ali ndi zaka 55, amasunga mabuku a ndalama pa kampani ina yosakhala ya boma, ndipo malamulo a pakampanipo amati munthu apume akakwanitsa zaka 60. Mayi ali ndi zaka 51, ndi telala, amasokera pakhonde la golosale ina. M'nyumba muli anthu 5: awiriwa, mwana wawo womaliza yemwe ali Fomu 3, mwana wa mlongo wawo wa bambowa yemwe makolo ake anamwalira, ndi mdzukulu. Ana awiri akuluakulu ali paokha, wina ali ku Johannesburg. Amakhala nyumba ya lendi ku Chirimba, koma ali ndi nyumba yosatha ku Chileka, yofolera kale malata koma yopanda mawindo, zitseko, simenti pansi, magetsi ndi madzi. Kwawo kwa mayi ku Chiradzulu kuli munda wa ekala imodzi ndi theka.

Bambowa anabwera ndi funso limodzi. Lamulo la penshoni la 2023, lomwe linalowa m'malo mwa lija la 2011, limalola munthu amene watsala ndi zaka 5 kuti apume kutapako mpaka theka la ndalama zake za penshoni. Iwo ankafuna kutapa K12 miliyoni n'kugula minibasi yoti izidzawadyetsa akadzapuma. Funsolo sitinaliyankhe tsiku limenelo. Tinawapempha sitetimenti ya penshoni, mapepala a malipiro a miyezi 6, kalata ya ngongole ya kubanki, chiphaso cha unzika, ndi kope loti iwo ndi mayi azilembamo chilichonse chomwe agula kwa miyezi itatu, ngakhale tomato wa pamsewu.

Zomwe mapepala anaonetsa

Malipiro awo anali K900,000 pamwezi. Akadula msonkho wa PAYE ndi 5 peresenti ya penshoni, pankatsala pafupifupi K650,000. Kampani imaikapo 10 peresenti, kotero kuthumba la penshoni kumayenera kulowa K135,000 mwezi uliwonse. Sitetimenti inkaonetsa K21 miliyoni, ndipo panali K3 miliyoni ina yomwe inatsala kuthumba la kampani yomwe ankagwirako kale. Bambowa anali ataiiwala. Tinawathandiza kulemba kalata yoti isamutsidwire kuthumba la pano, kuti pa tsiku lopuma pasadzakhale kuyenda maofesi awiri.

Titaika mapepala a malipiro pambali pa sitetimenti, mwezi ndi mwezi, tinapeza miyezi 7 yomwe kampani inadula ndalama koma sinaipereke kuthumba. Imeneyo ndi K945,000, osawerengera phindu lomwe ikanabereka. Vutoli n'lofala m'dziko muno, ndipo limabisala chifukwa anthu ambiri amangoyang'ana nambala yaikulu ya m'munsi mwa sitetimenti. Kachitidwe kake ndi aka: lemberani olemba ntchito kalata yokhala ndi deti, perekani kope lake kwa oyendetsa thumba, ndipo ngati papita nthawi osayankhidwa kadandauleni kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Kudandaula pakamwa mu ofesi ya abwana sikusiya umboni uliwonse.

Panalinso zina ziwiri zooneka zazing'ono. Fayilo ya kuntchito inkawawonjezera chaka chimodzi pa zaka zawo poyerekeza ndi chiphaso. Zikanasiyidwa choncho akanapumitsidwa chaka chimodzi nthawi isanakwane, n'kutaya malipiro a miyezi 12 ndi K1.6 miliyoni ya penshoni. Chachiwiri, fomu yotchula odzalandira ndalama iwo atamwalira inali ndi dzina la amayi awo owabereka, omwe anamwalira kalekale, ndipo mwana womaliza sanalimo. Ndalama ya imfa ya kupenshoni imatsata fomu imeneyi, choncho fomu yakale imachedwetsa malipiro ndipo imayambanitsa abale. Zonse ziwiri zinakonzedwa mwezi womwewo.

Kope la m'nyumba linatuluka chonchi pamwezi: chakudya K190,000, lendi K130,000, ngongole ya kubanki K120,000, fizi ndi zofunika kusukulu tikazigawa pa miyezi 12 K110,000, magetsi, madzi ndi makala K65,000, thiransipoti K60,000, achibale, maliro ndi maukwati K55,000, tchalitchi K30,000, mayunitsi a foni K20,000, mankhwala K15,000. Zonse pamodzi K795,000. Zolowa ndi K650,000 ya bambo ndi pafupifupi K120,000 ya mayi, kutanthauza K770,000. Mwezi uliwonse ankaperewera K25,000, ndipo mayi ankaikwirira pokongola ku banki mkhonde, komwe ngongole inali itafika K300,000. Bambo sankadziwa za ngongoleyi. N'chifukwa chake uphungu wotere sitichita ndi munthu mmodzi wa m'banja.

Kuwerengera mu ndalama za lero

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Oyendetsa thumba akakuuzani kuti pofika 2030 mudzakhala ndi mamiliyoni ambirimbiri, nambalayo ikhoza kukhala yoona, koma siikuuzani kuti thumba la chimanga lidzakhala pa ndalama zingati chaka chimenecho. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera cha m'ma 30 peresenti pachaka. Mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti pachaka, imawirikiza kawiri pa zaka zitatu zokha. Penshoni ya K200,000 yosakwera, pakatha zaka 3 imagula za K100,000, pakatha zaka 6 za K52,000, pakatha zaka 10 za K21,000 ndi pang'ono.

Ndiye ife timawerengera ngati kuti phindu la thumba likungofanana ndi kukwera kwa mitengo, osaposa. Zaka zina thumba limachita bwino kuposa apo, zaka zina limatsalira, koma kuwerengera kotere kumapangitsa kuti nambala iliyonse ikhale yoti munthu angaiyerekeze ndi mitengo ya mumsika wa Limbe lero. Kwa bambowa: K24 miliyoni yomwe ilipo, kuphatikiza K135,000 kwa miyezi 60 yomwe ndi K8.1 miliyoni, kuphatikiza ya miyezi 7 ija, zikukwana pafupifupi K33 miliyoni. Lamulo la 2023 limalola kutenga theka nthawi imodzi popuma, pomwe kale zinali 40 peresenti. Theka linalo, K16.5 miliyoni, ndi lolandira mwezi ndi mwezi. Tikaligawa pa zaka 20, kuyambira 60 mpaka 80, likupereka K69,000 pamwezi. Munthu wozolowera K650,000 akudzalandira K69,000.

Bambowa anatsutsa za zaka 80, akuti anthu a kuno safika kumeneko. Ziwerengero za zaka zomwe Amalawi amakhala ndi moyo zimatsika chifukwa cha imfa za ana ndi achinyamata. Munthu amene wafika kale 60 nthawi zambiri amakhala ndi zaka zambiri kutsogolo, ndipo mayi ndi ocheperapo ndi zaka 4. Ndalama ikuyenera kukwanira amene adzatsale.

Pa theka lolandira pamwezili pali njira ziwiri. Annuity ndi pangano ndi kampani ya inshuwalansi: mumawapatsa ndalama yonse, iwo n'kumakulipirani mpaka imfa. Ubwino wake ndi woti siitha muli moyo. Choyenera kufunsa n'chakuti kodi imakwera chaka ndi chaka, ndiponso mukamwalira akazi anu adzapitiriza kulandira gawo lanji. Yosakwera imayamba ndi nambala yokopa koma ndi yomwe ija yogula za K21,000 pakatha zaka 10. Programmed withdrawal ndi yoti ndalama imakhalabe m'thumba ikubereka, inu n'kumatapa pang'onopang'ono, ndipo yotsala mukamwalira imapita kwa a pa fomu. Kuopsa kwake n'kwakuti ikhoza kutha inu mudakali moyo. Kusankha kudzachitika chaka chomaliza, atatenga mitengo yolembedwa kuchokera ku makampani osachepera atatu. Pakadali pano tatsamira ku programmed withdrawal chifukwa cha mmene mitengo ikukwerera, koma zimenezi zingasinthe.

Za minibasi

K12 miliyoni ikanagula galimoto yakale, yoyenda kale mitunda yambiri, popanda ndalama yotsala yokonzera. Bambowa sanayendetsepo bizinesi ya galimoto, ndipo masana onse amakhala mu ofesi. Ndalama ya minibasi imagwiridwa ndi dalaivala ndi kondakitala, mwini amangolandira zomwe wapatsidwa madzulo. Pa ndalamayo pamachoka inshuwalansi, COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu), chilolezo chonyamulira anthu, matayala, oyilo, zindapusa za pamsewu, ndi masiku omwe galimoto yagona pamzere wa mafuta. Zipangizo zake ndi zochokera kunja, ndiye kwacha ikagwa mtengo wake umakwera tsiku lomwelo pamene mtengo wokwerera sukwera msanga choncho. Injini kapena giyabokosi ikafa m'chaka choyamba, mwini amakakongola kuti aidzutse, ndipo ambiri amathera pomwepo, galimoto ili pa miyala kuseri kwa nyumba. Amene amapindula ndi minibasi amakhala pa siteji m'mawa uliwonse, amadziwa makaniko wokhulupirika, ndipo ali ndi galimoto zoposa imodzi kuti ina ikafa ina izilipira. Bambowa alibe chilichonse mwa zitatuzi.

Muyezo womwe tinawapatsa ndi woti bizinesi yomwe munthu sanaichitepo isadye koposa gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama yolandira kamodzi. Muyezowu ukukhudzanso chigayo, nkhuku zambirimbiri ndi njinga zamoto za kabaza.

Komabe kutapa ndalama nthawi isanakwane sitinakukane konse. Tinavomereza K7 miliyoni yomalizira nyumba ya ku Chileka. Akasamuka, lendi ya K130,000 itha, thiransipoti ikwera ndi K25,000, ndiye phindu lenileni ndi K105,000 pamwezi, kapena K1.26 miliyoni pachaka. Pa K7 miliyoni imeneyo ndi 18 peresenti pachaka, ndipo phinduli limakwera lokha nthawi iliyonse eni nyumba m'tauni akakweza lendi. Palibe dalaivala pakati. Tinawerengera kuti yomwe yatapidwa lero idzachotsedwa pa ndalama ya kamodzi ya 2030, ndipo tinawauza kuti oyendetsa thumba awalembere zimenezi papepala asanasaine. Kagulidwe kake: ndalama ikangolowa, agule simenti, mafelemu, zitseko, mawaya ndi mapaipi sabata yomweyo, mmisiri azimulipira gawo ndi gawo akamaliza ntchito, ndipo fomu ya ESCOM ndi ya madzi ziperekedwe poyamba penipeni chifukwa zimenezo zimatenga nthawi. Chimbudzi, zitseko, mawindo ndi pansi ndizo zolowera m'nyumba. Siling'i, matailosi ndi mpanda zidikire. Malowo anagula kwa amfumu ndi kakalata ka pamanja, choncho tinaikapo ntchito yolembetsa malowo m'maina a onse awiri.

Bajeti ya atapuma

Mu ndalama za lero, tinagwirizana izi: chakudya K130,000, popeza pakhomo padzachepa anthu ndipo chimanga china chizichokera kumunda, mankhwala K70,000, magetsi, madzi ndi makala K55,000, feteleza, mbewu ndi aganyu K40,000, achibale ndi maliro K35,000, thiransipoti K30,000, kukonza nyumba K25,000, tchalitchi K15,000, foni K15,000. Pamodzi K415,000.

Mzere wa mankhwala ndi wokhawo womwe wakwera kwambiri, ndipo bambowa ankafuna kuudula. Iwo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, mayi ali ndi shuga. Lero akulipira K15,000 yokha chifukwa kampani inawalowetsa pa sikimu ya chipatala, ndipo sikimuyo imatha tsiku lomwe ntchito yatha. Zipatala za boma ndi zaulere koma mankhwala sapezeka nthawi zonse, ndipo za mishoni, za CHAM, ndi zolipira. Mankhwala a matenda awiriwa ndi a tsiku lililonse, kulekeza n'kuitana sitiroko. Tinawauza kuti afunse ku sikimu yawo, kaya MASM kaya ina, adakali pantchito, ngati angapitirize paokha popanda kuyambiranso ngati membala watsopano, chifukwa kulowa uli wachikulire komanso uli ndi matenda kale kumakhala ndi zoletsa zake.

Za munda tinawerengera mosamala. Munthu mmodzi amadya pafupifupi matumba atatu a makilogalamu 50 pachaka, ndiye anthu 4 akufunika matumba 12. Ekala ndi theka yothira NPK ndi urea pa nthawi yake ingathe kukwanitsa zimenezo mvula ikagwa bwino. Koma namondwe Freddy mu March 2023 ndi ng'amba ya 2024 zinaonetsa kuti chigawo cha kummwera chingathe kulephera zaka ziwiri zotsatizana, choncho mu bajeti munda tauwerengera miyezi 8 yokha pa 12, ndipo feteleza ndi wa mtengo wa m'sitolo, osadalira makuponi. Chimanga chisungidwe m'matumba osalowa mpweya a PICS kapena chithiridwe mankhwala a anankafumbwe, ndipo asagulitse pokolola pamene mtengo uli pansi. Pali china chomwe tinachitchula poyera ngakhale chili chovuta kukamba: mundawo ndi wa kwawo kwa mayi, bambo kumeneko ndi mkamwini. Mayi atatsogola, palibe chitsimikizo choti bambo adzapitiriza kulima pamenepo.

Mwana wa ku Johannesburg amatumiza ndalama nthawi zina, koma mu bajeti tinalemba ziro. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ikabwera ipite ku thumba la zadzidzidzi.

Kodi K415,000 idzachokera kuti?

Ngongole ya kubanki ikutha pa mwezi wa 18 mwa miyezi 60 yotsala kuti apume, ndipo tinagwirizana kuti asatengenso ina, ngakhale banki iwaimbire foni kuti akhoza kuwonjezera. Kuchokera pa kusamuka mpaka pamenepo azitsala ndi K80,000 pamwezi, yobwezera banki mkhonde ndi kuyambira thumba la zadzidzidzi. Kuyambira mwezi wa 19 mpaka wa 60 azitsala ndi K200,000 pamwezi, yomwe pa miyezi 42 ndi K8.4 miliyoni. Ndalamayi izichoka yokha ku akaunti tsiku la malipiro. Yodikira kuti itsale kumapeto kwa mwezi siitsala. Pa imeneyi K4.5 miliyoni imange zipinda zitatu za lendi kuseri kwa nyumba, zokhala ndi mita yawoyawo ya magetsi kuti pasakhale mikangano, ndipo K3.9 miliyoni isungidwe.

Pa tsiku lopuma adzakhala ndi K9.5 miliyoni ya kamodzi ndi K3.9 miliyoni yosunga, pamodzi K13.4 miliyoni. Pachoke K2.6 miliyoni ya zaka ziwiri zomaliza za mwana ku koleji, pachokenso K2.5 miliyoni ya zadzidzidzi, yomwe ndi bajeti ya miyezi 6. Yotsala K8.3 miliyoni pa zaka 20 ndi K34,500 pamwezi. Zipinda zitatu pa K45,000 chimodzi, tikawerengera miyezi 10 pachaka chifukwa cha osalipira ndi zipinda zokhala zopanda munthu, ndi K112,500 pamwezi. Usoki wa mayi tauika pa K80,000, popeza maso ndi msana sizidzakhala ngati lero. Kuphatikiza ndi penshoni ya K69,000, zonse ndi K296,000. Zikuperewera ndi pafupifupi K119,000 mwezi uliwonse.

Mpata umenewu sitinaubise powonjezera phindu la papepala. Chomwe chingautseke kwambiri ndi kugwirabe ntchito. Bambowa atapitiriza pa kontilakiti mpaka zaka 63, fizi ya mwana ichokera pa malipiro, kusunga kupitirira kwa miyezi 36 ina, ndipo zaka zodya ndalamayo zitsika kufika 17. Tikawerengera kuti zopereka za penshoni zipitirirabe, zolowa zikufika pafupifupi K390,000 pamwezi. Koma kontilakiti ili m'manja mwa olemba ntchito. Njira yomwe ili m'manja mwawo ndi luso lawo: masukulu apulaiveti, ma SACCO, matchalitchi ndi masitolo ang'onoang'ono amafuna munthu wowasungira mabuku ndi kuwakonzera za msonkho ku MRA masiku ochepa pamwezi. Ntchitoyi siifuna mpamba woposa laputopu. Tinawalangiza kuti apeze makasitomala awiri oyamba Loweruka lililonse kuyambira tsopano, ngati pangano lawo la ntchito likuwalola, chifukwa amene wapuma kale anthu amamuiwala msanga.

Kosungira ndalama

Akaunti wamba ya kubanki imapereka chiwongoladzanja chotsika kwambiri poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo, choncho muzikhala ndalama ya mwezi umodzi kapena iwiri basi. Ya zadzidzidzi ndi ya fizi ipite ku unit trust ya money market (thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama n'kuibwereketsa kwa nthawi yochepa) kapena ku ma treasury bill, mapepala obwereketsera boma ndalama, omwe amakhala a masiku 91, 182 ndi 364 ndipo amagulidwa kudzera kubanki. Ndi bwino kuigawa kuti ina izikhwima miyezi itatu iliyonse. Chiwongoladzanja amachidula msonkho, ndiye poyerekeza muziona yotsala m'manja. Yosafunika kwa zaka 5 kapena kuposa, gawo lake lingathe kugula masheya pa Malawi Stock Exchange, m'makampani angapo osiyana ntchito, osati banki imodzi yomwe aliyense akuikamba. Masheya anakwera kwambiri zaka zapitazi, koma amatsikanso, ndipo pamsika waung'ono ngati wathu wogula sapezeka tsiku lomwe mukufuna. Banki mkhonde mayi apitirize chifukwa imawathandiza pa nsalu ndi ulusi, koma isasunge ndalama ya penshoni, ndipo bambo asabwereketse anthu ndalama ya katapila. Aliyense wolonjeza kuwirikiza ndalama pa mwezi umodzi amuyankhe kuti ndalama ili yomangidwa.

Mawu omwewo ndi othandizanso kwa achibale. Mbiri yoti munthu walandira ndalama za penshoni imafika kumudzi iye asanatuluke m'banki, ndipo bambowa ndi mwinimbumba. K35,000 ija ndi malire a mwezi, ikatha yatha, ndipo ana akuluakulu aitanidwe aone bajetiyi ndi maso awo. Tinawatumizanso kukalemba wilo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana, koma wilo imafupikitsa njira.

Patatha chaka

Anasamukira ku Chileka pa mwezi wa 11 m'malo mwa wa 8, ndipo nyumba inadya K8.2 miliyoni. Chinalakwika n'chakuti simenti anagula theka lokha poyamba poopa kuti iuma, ndipo pobwerera anapeza itakwera. Mmisiri woyamba anapatsidwa ndalama yambiri patsogolo n'kusowa kwa milungu ingapo. K1.2 miliyoni yowonjezerayo inachokera pa zomwe mayi anagawana ku banki mkhonde mu December ndi bonasi ya bambo, choncho sanatapenso kupenshoni, koma thumba la zadzidzidzi lachedwa ndi miyezi 4. Pa miyezi 7 ija kampani yapereka 4, ndipo kalata yachiwiri yapita. Malipiro anakwera ndi 15 peresenti pamene kope likuonetsa kuti chakudya chakwera koposa apo, ndiye K200,000 yosunga ija taitsitsa kufika K180,000 mu ndalama za 2025, ndipo chipinda chachitatu cha lendi chidzamangidwa pomalizira. Kasitomala mmodzi wa Loweruka wapezeka, sukulu ya mkaka ndi pulayimale, ndipo akulipira K40,000 pamwezi. Kulembetsa malo sikunathe. Wilo inalembedwa koma mboni yachiwiri sinasaine, ndipo tawauza kuti akasainenso onse pamodzi mwezi uno usanathe.